A Bweraninso ndi Mayeso a Rauta

Mumsewu mwathu munali bambo amene sankagula kanthu asanakalembetse mayeso. Sindikunena zongogwiragwira ndi kufunsa mtengo ayi. Ndikunena mayeso enieni, okhala ndi pepala, cholembera ndi zotsatira.

Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu anagwira ntchito yoyesa anthu ofuna laisensi yoyendetsera galimoto. Akuti ukamaliza kuzungulira nawo tauni, thukuta lili kamukamu, ankatseka cholembera mwaulemu, n'kukuyang'ana ngati munthu wokufunira zabwino zonse, n'kunena liwu limodzi lokha: "Bweraninso." Dzina linachokera pamenepo. Ana ena a mumsewu muno anakula akuyesa kuti ndi dzina lawo la paubatizo.

Atapuma pantchito, ntchitoyo sinapume mwa iwo. Kathabwa kawo kopanira mapepala anabwera nako kunyumba. Ambulera anaiyesera kuseri kwa sitolo, iwo ali pansi pake, wogulitsa akuwathira madzi ndi paipi. Ketulo anaiwerengera mphindi ndi wotchi yapamkono. Nsapato anayenda nazo chobwerera m'mbuyo kuyambira pakhomo mpaka pakauntala, kuti aone ngati zimamvera pa rivesi.

Ine ndinakhala nawo moyandikana zaka zoposa makumi awiri, khoma limodzi pakati pathu. Malemu amuna anga anali mnzawo wapamtima, choncho tinkaitanana kuti alamu. Ndine munthu wosakonda zolankhulalankhula. Moyo wanga ndi wa kunyumba, kutchalitchi ndi pamakina osokera. Za makompyuta sindinkazidziwa, ndipo sindinkazifuna. Koma munthu ukakhala khoma limodzi ndi a Bweraninso, zinthu zinkakupeza zokha.

Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi. Mayi ake anamwalira iye ali kusekondale. Atakula anapeza mwayi wa ntchito ya udalaivala, ndipo ankafunika kukhala ndi laisensi mwezi usanathe. Bambo ake anati, "Usanapite kwa anzanga a kuntchito, uyambe wakhoza kwa ine." Anamuyesa katatu pagalimoto yawo yakale, ndipo katatu konse anamva liwu lomwe lija. Mwezi unatha, ntchito inapita kwa wina. Mwanayo sanakangane nawo. Anangolongedza, n'kupita kunja, n'kukatenga laisensi kumeneko ulendo woyamba womwewo. Lero amayendetsa ambulansi. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri foni zawo zinali za mphindi imodzi. "Muli bwanji, adadi?" "Ndili bwino, kaya iwe?" "Ndili bwino." Basi.

Kenako tsiku lina kunabwera katundu: kompyuta, chiwongolero chomangirira patebulo, zopondera zitatu ndi zomvera za m'makutu. Kakalata kake kanali kafupi: "Loweruka lililonse, 3 koloko masana. Bwerani mudzandiyese kuno."

Anali masewera a mpikisano wa magalimoto a pa intaneti, anthu khumi ndi awiri a m'maiko osiyanasiyana akuthamangitsana pamsewu umodzi. Ine ndinaona kuti mwanayo akuwanyogodola. Iwo anaona kuti aitanidwanso kuntchito. Loweruka loyamba anavala jekete ndi tayi.

Kuyendetsa kwake! Anzawo onse akanyamuka ngati akuthawa moto, iwo ankayamba ayang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso, kenako n'kunyamuka mwakachetechete. Pakona ankatulutsa dzanja kusonyeza kumene akukhotera, mpaka tsiku lina anagwetsa kapu ya tiyi. Sabata iliyonse ankamaliza omalizira, galimoto yawo ilibe ndi pokandika pomwe.

"Alamu, simuchita manyazi?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Manyazi a chiyani? Anzangawo afikadi msanga, koma afika opanda zitseko."

Komatu kuchedwa kwawoko kunali ndi phindu lake. Popeza ankayenda pang'onopang'ono, mwana wawo ankawazungulira n'kuwadutsa kanayi kapena kasanu pampikisano umodzi, ndipo nthawi iliyonse akamadutsana ankalankhulana. Khoma lathu ndi lopyapyala, ndiye ndinkamva mbali ya bambo yokha. "Wadya?" Zii. Pakapita mphindi zitatu: "Chifuwa chija chinatha?" Zii. Kenako: "Kona ija waidula kwambiri." Pamiyezi itatu analankhulana zambiri kuposa zaka zisanu ndi ziwiri zija.

Intaneti ankaitenga pafoni yawo, ataitsamiritsa pachitini cha shuga pawindo. Loweruka lina netiweki inajejema. Kwa iwo galimoto inangoima. Kwa ena onse inadumpha kuchoka kumbali kwa msewu n'kukatera pakati penipeni, pa nthawi imene mwana wawo ankadutsa, ali patsogolo pa onse, pakona yomaliza. Mwanayo anakamenya khoma.

Ndinamva kukuwa: "Si ine! Mwana wanga, si ine! Ine ndinali kumbali kwanga!"

Posakhalitsa anagogoda pakhomo panga, zomvera zili m'khosi, chingwe chikulendewera.

"Alamu, ndachita ngozi."

"Mayo ine! Mwavulala pati?"

"Ndagunda mwana wanga."

Ndinawakhazika pampando. Anali munthu amene anagwira chiwongolero zaka makumi anayi ndi zisanu osagunda ndi nkhuku yomwe.

"Ndiye iye akuti chiyani?"

"Akuti, 'Ngakhale kuno, adadi, mwapeza njira yondilepheretsa.' Akuti Loweruka likubwerali ndi mpikisano womaliza wa chaka. Zikachitikanso, chiwongolero ndigulitse, tibwerere ku moni wathu wakale."

Anawongola tayi.

"Akuti pamafunika rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, yokhala ndi modemu yolowetsamo simukhadi m'kati. Lolemba tipite limodzi. Mayeso opanda mboni si mayeso."

Lolemba m'mawa tinanyamuka, iwo ndi kathabwa kawo ndi envulopu ya ndalama za penshoni, imene anandiuziratu kuti ndi yokwana chinthu chodzichepetsa, osati chonyada. Mwini sitolo ya zamagetsi ndi bambo wonenepa, wa ndevu zoyamba kuyera, amene amabwera kuntchito panjinga yopalasa. Atangotiona anaimirira, nkhope n'kusintha.

"Bwana woyesa."

"Timadziwana?"

"Kanayi, bwana. Ulendo womaliza munati ndinayetsemula osachepetsa liwiro."

"Ndakumbukira. Munatseka maso onse awiri."

"Nanga munthu amayetsemula bwanji maso ali otsegula?"

"Amayamba waima kumbali."

Mwini sitoloyo anatiyalira marauta atatu. Yoyamba inali yakuda, ya nyanga zisanu ndi zitatu ndi timagetsi tofiira, ngati nkhanu yogona chagada. Mtengo wake unali maenvulopu atatu. Yachiwiri inali yabuluu, yooneka bwino ndithu. Yachitatu kanali kakang'ono, koyera ngati sopo wochapira, ka tinyanga tiwiri, kotsika mtengo kuposa zonse.

"Yakudayi imathamanga bwanji?" anafunsa alamu.

"Imathamanga zedi. Koma pamasewera anuwo, bwana, nkhani si liwiro. Nkhani ndi pingi."

"Pingi ndi ndani?"

"Ndi nthawi imene uthenga umatenga kuchoka pachiwongolero chanu, kukafika kumene kuli masewerawo, n'kubwerako. Nambala yake ikhale yochepa, ndipo isamadumphedumphe."

Ndinaona maso a alamu akuwala ngati a munthu amene wakumana ndi m'bale wake kuchilendo.

"Mukunena nthawi ya pakati pa diso ndi buleki!"

"Tingotero."

"Mwamva, alamu? Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikuuza anthu zimenezi, iwo n'kumati ndine wovuta!"

"Chinanso, musadalire waifai," anapitiriza mwini sitolo. "Kokani chingwe kuchoka parauta mpaka pakompyuta. Komanso yakudayi ndikuuzeni kuti..."

"Woyesedwa sayankhulidwira. Lachitatu, 9 koloko m'mawa, zonse zitatu zibwere kwanga."

"Bwana, zimenezo sitichita."

"Ndiye kuti mumatulutsa madalaivala osayesedwa?"

Mwini sitolo anavomera. Ndikhulupirira kuti ankafuna kuona kamodzi kokha wina akutuluka thukuta limene iye anatuluka.

Lachitatu anabweradi, makatoni atawamanga kumbuyo kwa njinga. Choyamba anazungulira nyumba ya alamu foni ili m'mwamba, kusaka pamene netiweki ikugwira bwino. Kuchipinda, ayi. Kukhitchini, ayi. Anatuluka panja, foni ikumutsogolera ngati mbuzi yokoka mwini wake, mpaka anakaima pawindo la pabalaza langa, limene limayang'ana kunsanja ya mafoni.

"Apa ndiye pali moyo," anatero.

Pawindo limenelo ndimaikapo Baibulo ndi m'phika wa maluwa. Alamu anandiyang'ana. Ndinachotsa maluwawo. Baibulo ndinangolisendeza. Chingwe chachitali chinatulukira pawindo langa, n'kuzungulira panja, n'kukalowera pawindo lawo.

Inayamba yakuda. Ngakhale sakanatha kuigula, anati aliyense ali ndi ufulu woyesedwa. Anagwira simukhadi, n'kuitembenuza rautayo uku ndi uku.

"Ndilowetse pati?"

"Ilibe polowetsa, bwana. Iyi ndi rauta yokha. Modemu yake imagulidwa padera. Ndi zimene ndinkafuna kukuuzani Lolemba."

"Nyanga zonsezi, ilibe injini?"

"Imafuna kukokedwa."

"Ngolo," anatero akulemba. "Bweraninso."

Yabuluu inayamba bwino. Alamu anakhala pachiwongolero kwawo, mwini sitolo akuwerenga nambala mokweza, ine ndili pawindo.

"Tsopano pachitunda!" anakuwa alamu. "Alamu, yatsani kwaya!"

Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga: kuonera vidiyo ya kwaya pafoni yanga kudzera parauta yomweyo, kuti tione ngati ingasenze katundu wa anthu awiri. Oimba a mawu aang'ono atangolowa, nambala inachoka pa 45 n'kukafika pa 300.

"Yabwerera m'mbuyo pachitunda! Kumbuyo kwakeko kukanakhala munthu wokankha wilibala? Bweraninso!"

Kanatsala koyera. Mwini sitolo anakatsegula pakompyuta, n'kukauza kuti masewera azipita patsogolo, zina zonse zizidikira. Ndinayatsa kwaya. Nambala inati 48. Oimba anakweza mawu. 49. Analowa a mawu aakulu, ng'oma, manja, zonse. 48.

"Kuima mwadzidzidzi!" Alamu anamenya kathabwa patebulo, mwini sitolo n'kuthamangira kwanga, n'kuzula pulagi, n'kuibwezera. Kanadzuka mphindi imodzi isanathe. Anakasiya padzuwa la pawindo ola lathunthu. Sikanatekeseke. Ine, amene ngakhale kutchalitchi ndimaomba m'manja mosamveka, ndinapezeka ndikuomba ngati ndili paukwati. Mwini sitolo anavula chipewa, n'kuchigwirira pachifuwa.

Alamu anayang'ana pepala lawo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anatseka cholembera.

"Bweraninso."

"Bwana! Kalakwa chiyani?"

"Palibe. Koma sitikhozetsa munthu tsiku loyamba. Amadzikuza."

"Ndi pulasitiki, bwana!"

"Sabata yamawa."

Mwini sitoloyo analongedza makatoni ake, n'kunena ali pakhomo kuti koyerako katsala kamodzi ndipo pali mphunzitsi wina amene wakhala akukafunsa. Anakwera njinga, n'kupalasa ngati akuipatsa chilango.

Ine sindinazolowere kudzudzula munthu wamkulu kwa ine. Ndinayamba kukulunga chingwe chija pang'onopang'ono, ndikupempha Mulungu kuti agwire lilime langa. Sanaligwire.

"Alamu, kaja kanayenda bwino."

"Kwambiri."

"Ndiye mwakabweza. Mpikisano ndi Loweruka."

"Ndi dongosolo, alamu."

"Dongosolo lomweli ndi limene linakweza mwana wanu ndege."

Sanandiyang'ane. Anatola kathabwa kawo, n'kutuluka. Masana onsewo sindinamve wailesi kapena kukhosomola kuseri kwa khoma, moti ndinayamba kudziimba mlandu.

Lachinayi, 7 koloko m'mawa, gogogo. Tayi ali m'khosi.

"Tiyeni. Kakhoza."

Tinafika sitolo isanatsegulidwe. Mwini wake anatipeza titaima pakhomo. Anatsamiritsa njinga, n'kutsegula, n'kutimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatenga cholembera chimene chinali pakhutu pake, n'kukoka pepala.

"Kuno rauta sitigulitsa kwa munthu wosayesedwa, bwana. Lowetsani simukhadi."

Alamu anaimirira chilili ngati msilikali. Anailowetsa chadodolido.

"Hmm," anatero mwini sitolo akulemba. "Chingwe cha kompyuta chimalowa pati?"

Kumbuyo kunali timabowo tinayi. Alamu anasankha kosiyana mtundu ndi tinzake, poganiza kuti ndiko kaulemu. Sikanali komweko.

Mwini sitoloyo anatseka cholembera pang'onopang'ono. Ndinaona munthu akulawa chinthu chimene anachidikira zaka makumi awiri.

"Bweraninso."

Ndinatseka pakamwa ndi mpango. Ndinkaopa kuti alamu akomoka, kapena akwiya. Iwo anangogwedeza mutu.

"Mwachita bwino. Ndinaphonyadi kabowo. Mawa nthawi yanji?"

Masana amenewo anakhala pakhonde panga ndi kapepala ka malangizo, ine ndikuwafunsa mafunso ngati a kalasi ya ubatizo. "Getsi lobiriwira litanthauzanji?" "Zonse zili bwino." "Lofiira?" "Netiweki yathawa." "Nanga kabatani kakang'ono ka kumbuyo?" "Osakakhudza ngakhale utakwiya."

Lachisanu anakhoza. Anapereka envulopu yawo, n'kulandira kakatoniko ndi manja awiri. Tikutuluka, mwini sitolo anandikodola.

"Mayi, mphunzitsi uja anabweradi dzulo. Ndinamuuza kuti zatha." Anaika chingwe chachitali m'chikwama changa. "Ichi musawauze mtengo wake. Angachiyese."

Panatsala vuto limodzi. Chingwe chikadutsa pamawindo, mawindo sankatsekeka. Tinagwirizana kuti aboole khoma Loweruka m'mawa. Koma a Bweraninso sakanalola kulowa mumpikisano ndi bowo losayesedwa, choncho anayamba kuboola tsiku lomwelo, ataiwala kuti Lachisanu masana amayi a kutchalitchi amakumana kwanga.

Tinali asanu ndi mmodzi, titaweramitsa mitu, amayi apampando akutsogolera pemphero. Khoma linayamba kunjenjemera. Fumbi linagwera pamapewa a amayi ena. Pansi pa kalendala panatulukira nsonga yachitsulo ikuzungulira, n'kubwerera. Kenako panaoneka diso.

"Alamu, mukundiona?"

Amayi apampando anatsegula diso limodzi.

"Mayi, khoma lanu likukuitanani."

"Ndi za rauta," ndinayankha, nkhope ikutentha.

"Zaka zisanu ndi zinayi muli nokha, ife tikukuyamikirani mu mpingo, kani kuli bowo?"

Panalibe kuchitira mwina. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa mayeso atatu aja mpaka pangozi ya Loweruka. Nditamaliza, amayi apampando anapukuta m'maso, n'kuyandikira kukhoma.

"Bambo, mpikisanowo ndi nthawi yanji?"

Loweruka, 3 koloko isanakwane, pabalaza panga panali podzaza. Amayi onse anabwera, ndipo mafoni awo anawazimitsa n'kuwaika m'mbale, monga mwa lamulo la alamu. Mwini sitolo anatseka sitolo yake, n'kudzaima kumbuyo kwa alamu kuti azitiuza zochitika kudzera pabowo. Mawu a masewerawo anawatulutsa pasipika kuti tonse tizimva. Ine anandiika pawindo, maso pa timagetsi.

"Likangosintha mtundu, mukuwe," anatero alamu.

Ananyamuka. Mwana wawo atawadutsa koyamba, tinamva alamu akuti, "Wadya?" Sanayankhe. Kachiwiri: "Ndagula rauta, ya chingwe." Sanayankhe. Amayi ena anayamba kuimba chapansipansi. Kachitatu tinangomva mawu a mtsikana, ouma pang'ono:

"Ndakuonani. Lero simukudumpha."

"Amen!" anakuwa amayi apampando.

"48!" anakuwa mwini sitolo. "Kakugwira, mayi, kakugwira!"

Getsi linali lobiriwira. Ndinaliyang'anitsitsa mpaka maso anayamba kutuluka misozi.

Kenako mawu a mwini sitolo anasintha. "Kuzungulira komaliza! Mwana ali patsogolo! Koma wagalimoto yofiira wamumamatira kumbuyo! Akufika pakona ija, ndipo bwana ali pomwepo!"

Sindikudziwa nthawi imene ndinagwada. Ndinangopezeka maondo ali pasimenti, manja ndagwira m'mphepete mwa windo, ndikupempherera kabokosi kapulasitiki ndi mtima wanga wonse.

"Akuchepetsa!" anakuwa mwini sitolo. "Waona galimoto ya bambo ake, wachita mantha! Wofiira akumupeza!"

Pamenepo ndi pamene tinamva chimene munthu aliyense wa mumsewu muno sanamvepo chibadwire. Anamva mpaka a pagalaja ya kumapeto kwa msewu.

"Ponda! Ponda moto, mwana iwe! Usayang'ane ine, njira ndakusiyira! Pondaaa!"

Panamveka chiphokoso cha zitsulo. A Bweraninso anali ataiponya dala muudzu galimoto yawo yopanda chipsera ija, mateyala onse anayi, n'kukaigunditsa pampanda, kuti msewu wonse utsale wa mwana wawo.

"Wadutsa! Wadutsa! Wapambana ndi mphuno yokha!"

Pabalaza panga panasanduka pabwalo la mpira. Amayi apampando mpango unagwa, osautola. Mbale ya mafoni inagubuduka. Kuseri kwa khoma mwini sitolo ankalira mokweza ngati wapambana ndi iyeyo. Ine ndinanyamula m'phika wa maluwa n'kuvina nawo, ndipo ndikupempha amene anaona kuti aleke kuzikamba.

Phokoso litatsika, mawu a mtsikana anamvekanso pabowo.

"Adadi, mwagunda mpanda."

"Ndaona."

"Netiweki?"

"Ayi. Ndine."

Kenako alamu anatsitsa mawu.

"Mwana wanga, tsiku loyamba lija unakhoza. Lachiwiri unakhozanso. Ndinkaopa kuti ukatenga laisensi uyendetsa n'kupita, m'nyumba muno n'kutsala ine ndekha."

"Ndinapitabe, adadi."

"Unapitabe."

Ndinatenga kansalu pamakina osokera, n'kutseka bowo lija. Zotsalazo sizinali zathu.

Anathamangitsana Loweruka lililonse kwa chaka ndi miyezi iwiri. Alamu sanasiye kumaliza omalizira, koma mpikisano ukatha sankazimitsanso kompyuta msanga. Nthawi zina ndinkatenga zovala panja dzuwa likupendeka, iwo akusekabe.

Kenako anayamba kufooka. Tayi anayamba kuwakulira m'khosi. Mwana wawo atamva, anakwera ndege n'kubwera. M'mawa wa tsiku lopita kuchipatala anabwereka galimoto, n'kuwakhazika bambo ake kutsogolo. Ine ndinakhala kumbuyo ndi chikwama cha zovala. Ndinaona manja a mtsikanayo atagwira chiwongolero mwamphamvu, munthu woyendetsa ambulansi tsiku ndi tsiku. Tonse awiri tinkadikira liwu loyamba: za galasi, za giya, za kona.

Tinadutsa mphambano yoyamba. Zii. Yachiwiri. Zii. Ndinasuzumira. Mutu unali utatsamira pawindo, manja ali pamiyendo, pakamwa patatseguka pang'ono.

Mtsikanayo anandiyang'ana pagalasi.

"Mayi, agona?"

"Agona."

"Chibadwire changa sindinawaonepo atatseka maso m'galimoto yoyendetsa munthu wina. Ngakhale m'basi ankakhala maso mpaka kofika."

Titafika pageti la chipatala sanakhote. Anapitirira, misozi ikutsika, n'kuzungulira mwakachetechete kawiri konse, kuti asawadzutse.

Anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi.

Mumsewu muno tsopano anthu amagula chinthu n'kupita nacho kunyumba tsiku lomwelo, popanda wowaimitsa panjira kuwafunsa ngati anachiyesa. Zinthu zimayenda msanga, koma zosekera zachepa. M'nyumba mwawo munalowa banja lina, anthu abwino, olankhula motsitsa, moti Loweruka masana ndimamva wotchi yanga ikugunda. Nthawi zina 3 koloko ikakwana ndimaimitsa makina osokera osadziwa chimene ndikudikira.

Chimene chimabwera ndi foni. Mwana wawo amandiimbira sabata iliyonse, ndipo sitimaliza msanga. Timakamba za ntchito yake, za maondo anga, za amayi apampando. Koma tisanatsanzikane amafunsa funso lomwelomwelo.

"Mayi, anagonadi, eti?"

"Anagona, mwana wanga. Mpaka mkonono."